Gawo la Adokotala

Masana a tsiku la Ignat, limene kwathu timaphera nkhumba patatsala masiku asanu kuti Khirisimasi ifike, tinakhala anthu asanu pa tebulo la m'khitchini mwa mlamu wanga Gligor. Nkhumba tinali titaipha m'mawa, titaiwaula ndi udzu wa tirigu, ndipo tsopano inali nthawi ya chakudya chija chimene amadya onse amene agwirako ntchito: nyama yokazinga m'mafuta ake omwe, adyo wosinja, nsima yathu yachikasu ija timaitcha mamaliga, ndi nkhaka za m'mchere. Panali Gligor, panali a Nechifor oyandikana nafe amene amatiphera nkhumba chaka ndi chaka, amayi athu a Saveta, ine Domnica, ndi mng'ono wanga Ilinca, mkazi wa Gligor. Iye anakhala chakuchitseko, kutali ndi chiwaya, kapu ya msuzi wa nkhuku wosefa ili m'manja.

Ndinkamuyang'ana mobisa. Anamwa kasupuni kamodzi, n'kudikira. Anamwa kachiwiri, kenako kachitatu, n'kuika kapu pansi pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa munthu. Patapita kanthawi anaimirira n'kutuluka akugwira khoma. Tonse tinamva zimene zinkachitika kuseri kwa mulu wa nkhuni. A Nechifor anakweza mawu n'kuyamba kuyamikira mafuta a nkhumbayo, kuti chaka chino kukhuthala kwake kwafika zala zinayi, ndipo Gligor anawathirira tsuika wina, kachasu wathu uja wa mapulamu, maso ali pa tebulo.

Ilinca wakhala wathupi kuyambira pa utsikana wake. Atabereka mwana wachiwiri thupi linangopitirira, kenako kunabwera shuga, kenako mawondo, mpaka masitepe asanu ndi awiri a patchalitchi ankawakwera mopumira. Mwana wake Rodica, amene amasamalira nkhalamba ku Italy, ndiye anapeza pafoni dzina la a Dokotala Zamfirache, amene amachepetsa anthu chifu pachipatala china mumzinda. Rodica anakonza zonse ali ku Italy komweko. Kumayambiriro kwa Novembala anamudula mng'ono wanga mbali yaikulu ya chifu, n'kumusiyira kachifu kowonda, kakatali ngati soseji. Anatiuza kuti pakatha milungu itatu ayamba phala, kenako dzira, kenako nyama yofewa.

Milungu inali itatha isanu ndi iwiri, ndipo ngakhale madzi ankabwerera. Milomo inang'ambika, miyendo inayamba dzanzi. Kawiri konse tinapita kukaonana ndi a Zamfirache, ndipo kawiri konse anangoyang'ana nambala ya pasikelo, n'kumwetulira, n'kunena kuti munthu akamasanza ndiye kuti wadya mothamanga kapena wadya mobisa. Adokotala a m'mudzi mwathu, mayi Ursache, atamuona dzana lake anamutsina khungu la padzanja ndipo khungulo linangotsala chiimire. Anati pafunika kumuunika m'kati ndi kachingwe ka kamera kamene munthu amameza. Kuchipatala chapafupi sakhudza chifu chimene wadula wina, amabweza kwa mwini ntchito. Kumene anamudulako nakonso saunika munthu popanda pepala losainidwa ndi a Zamfirache, ndipo pakatha masiku atatu chipinda chounikiracho achitseka mpaka chaka chatsopano. Potiperekeza pakhomo, mayi Ursache anandigwira pamkono n'kundinong'oneza kuti milungu iwiri imeneyo Ilinca sangaipirire chonchi.

Pepala limenelo ndi limene tinkafuna. Mawa lake tinali ndi tsiku lokaonananso ndi a Zamfirache.

Amayi anapukuta mpeni wawo ndi chidutswa cha mamaliga.

"Vuto ndi lanu lomwe," anatero. "Munapita chimanjamanja. Kawiri konse, chimanjamanja, ngati anthu opanda khola."

Gligor anayankha kuti Rodica analipira zonse, palibe chimene chinatsala. Amayi anati kulipira n'kwina, kuthokoza n'kwina. Anakumbutsa za bambo athu atachitidwa opaleshoni ya ndulu: amayiwo ananyamula nkhukundembo yamoyo pabasi, miyendo yomanga, ndipo dokotala ankabwera pabedi kawiri pa tsiku n'kumawatchula dzina. A Nechifor anavomereza mkamwa muli nyama. Anati ansembe amalandira gawo lawo la nkhumba, mayi Ursache amalandira lawo, nanga munthu amene anatsegula mimba ya mkazi wako n'kuitsekanso, iyeyo ndiye asalandire? Munthu wotero amakhumudwa mumtima, ndipo sanena.

Ilinca anali atabwerera, atatsamira chitseko, akupukuta pakamwa ndi kansalu. Analankhula motsika kuti sakudziwa ngati n'koyenera kupititsa nkhumba kwa dokotala amene ntchito yake ndi kulimbana ndi mafuta.

"Iwowo chifu chawo sanadulidwe," anatero Gligor. "Ali nacho chonse. Ndinachiona ndi maso angawa, chimakankha mabatani."

Tinaseka, ngakhale Ilinca anamwetulira. Ine sindinatsutse. Kunena zoona ndinaona kuti amayi akunena zanzeru, ndipo ndinachita manyazi kuti ine, wamkulu, sindinaganizire zimenezi poyamba.

Madzulo amenewo ndinatsuka matumbo m'beseni la madzi ofunda, zala zikuluma ndi kuzizira kwa panja. Nditafika pa chifu cha nkhumbayo ndinachitembenuza, n'kuchipala ndi mchere, n'kukhala kanthawi ndikuchiyang'ana, chachikulu, chamakwinya, chosavuta. Kenako tinasankha za m'dengu. Nyama ya kumsana yonse, imene chaka chilichonse timasungira Khirisimasi. Masoseji awiri okulungika, oyamba kutuluka. Pepala lodzaza jumari, tizidutswa tija timene timatsala m'chiwaya mafuta akasungunuka. Chikopa chowaula chothira mchere, ndi botolo la tsuika wa zaka zitatu. Amayi anatsegula bokosi n'kutulutsa nsalu imene anapeta okha pa ukwati wa Ilinca, ya atambala ofiira m'mphepete, n'kuvundikira pamwamba. Anati munthu wophunzira amayang'ana kaye nsalu.

M'mawa Gligor sakanatha kusiya nyama yosathira mchere, choncho ndinapita ndine. M'minibasi fungo la adyo linadzaza, ndipo dalaivala anafunsa ngati tikukafunsira mwamuna mumzinda. Ilinca anatsamira galasi, maso otseka, botolo la madzi lili pamiyendo, losatsegula.

Odwala a Zamfirache amadikirira pakhonde la pansanjika yachitatu. Mipando ya pamenepo ndi yopanikiza, ya zogwirira zachitsulo mbali zonse ziwiri, moti mumadziwa msanga amene wabwera koyamba, chifukwa amaima. Pakhoma pali zithunzi za anthu atavala zam'kati zokha, china asanadulidwe, china atawonda, m'maso atawalemba kamzere kakuda ngati kuti kamzere kangabise munthu. Cha Ilinca chinalipo kale, chachitatu kuchokera pazenera, mimba yake yonse pamtunda, ndipo pambali pake anasiya malo opanda kanthu. Anakhala mochifulatira.

Sikelo ili pakhonde pomwepo. Amene amayeza ndi mkulu wa anamwino, mayi Otilia, munthu wa msinkhu wa mwana wanga, wa zikhadabo zazitali zopaka. Saitana munthu dzina.

"Iwe wa duku labuluu, kwera. Vula jasi, ukufuna kundinamiza?"

Ilinca, amene ali ndi zidzukulu ziwiri, anavula jasi n'kukwera. Otilia anawerenga nambala mokweza kuti mnzake wa m'chipinda alembe, khonde lonse likumva. Atatsika Ilinca anazandima, ndipo ndinamugwira. Otilia anali atatembenukira kale kwa wina.

Tinadikira maola anayi. Pafupi nafe panali mayi wina wochokera kumapiri, a Catinca, amene anakweza duku pang'ono n'kutionetsa mmene tsitsi linathothokera. Anati atafunsa za tsitsilo anawayankha kuti asankhe, tsitsi kapena chiuno. Kutsogolo kwathu kunali bambo woyendetsa malole, a Mitica, amene anawonda bwino ndithu. Iwo anati a Zamfirache ali ndi manja abwino, zimenezo n'zosakanika. Tsopano amamanga okha zingwe za nsapato, ndipo shuga anatha. Kenako anayang'ana chitseko n'kutsitsa mawu. Anati chinthu chimodzi chokha: musawauze kuti mukudwala. Amamva ngati mwawatukwana. Aliyense amene amatuluka m'chipindacho akulira amakhala kuti analowa ndi dandaulo.

A Mitica anayang'ana dengu limene ndinaika pakati pa miyendo yanga, mafuta atayamba kale kudonthera pansalu. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, koma anaitanidwa.

Titalowa ife, a Zamfirache anali akuyang'ana kompyuta. Ndi munthu wamtali, waukhondo, wonunkhira, wa wotchi yaikulu. Sanatiuze kuti tikhale. Anawerenga nambala n'kuomba m'manja kamodzi: makilo makumi awiri ndi asanu ndi awiri pa milungu isanu ndi iwiri. Anati pofika Isitala adzamujambula chithunzi chachiwiri.

Ilinca anayamba kufotokoza monga tinagwirizana m'basi, kuti madzi akubwerera, kuti mayi Ursache akupempha kuti amuunike. Mawu ake ankatuluka owuma. Ndinaona nkhope ya adokotala ikuchita tsinya atamva dzina la dokotala wa kumudzi, ndipo ndinaganiza kuti nthawi yake ndi imeneyi. Ndinanyamula dengu ndi manja awiri, monga tinaphunzitsidwira, n'kuliika pakona ya tebulo. Ndinati ndi kanthu kochepa kochokera kunyumba, dzulo tinapha nkhumba, banja lonse likuthokoza.

Anakweza nsalu ya amayi ndi nsonga ya cholembera. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anavala golovesi, anatola soseji mmodzi, n'kutsegula chitseko cha kukhonde.

"Taonani, nonse," anatero, soseji ali m'mwamba, akulendewera. "Mayi uyu akuti madzi sakutsika. Madzi. Ndipo izi ndi zimene zili m'nyumba mwake."

Anthu a pakhonde anayang'ana pansi. A Catinca anakoka duku lawo. Ine ndinayesa kufotokoza kuti sanalaweko ngakhale kachidutswa, kuti dzulo anakhala kuchitseko ndi kapu ya msuzi, kuti ili ndi gawo lawo iwo adokotala, monga timachitira ndi ansembe. Sanandiyang'ane n'komwe. Analankhula kwa Ilinca ngati akulankhula kwa mwana wakuba shuga. Anati anthu akumudzi amawadziwa bwino, amalawa m'chiwaya n'kumati sanadye. Anati iwo amadula chifu, kususuka sadula. Ntchito yawo ndi yoyera, anaiona ndi maso awo, ndipo sangaike munthu pa kamera chifukwa choti wakhuta nkhumba. Abwere mu Febuluwale.

Anaponya soseji m'dengu, navula golovesi, n'kuitana Otilia kuti achotse zonyansazi. Otilia atanyamula dengu, adokotala analankhula osatembenuka, akusamba m'manja.

"Botololo lisiye pakabati."

Tinatuluka n'kukhala pa mipando yachitsulo ija. Khonde linali litayamba kuchepa anthu. Ilinca sanalire, ndikuganiza kuti m'thupi mwake munalibe madzi a misozi. Anandipepesa ine. Anati mwina ndi zoona, mwina amamwa mothamanga osadziwa, tiyeni tizipita tingaphonye basi ya masana. Ndinamuyang'ana m'khosi, mmene khungu linalendewera, ndi milomo ija, n'kukumbukira dzanja la mayi Ursache pamkono panga.

Ndili chikhalire choncho ndinamva fungo. Poyamba ndinayesa kuti lili m'zovala zanga. Koma linali lotentha, la adyo ndi tsabola amene ndinasinja ndekha dzulo lake, ndipo linkachokera kumapeto kwa khonde. Kunkamvekanso kuthetheka kwa mafuta.

Ndinauza Ilinca kuti ndikukatenga nsalu ya amayi, sindingaisiye. Zinali zoona, pa nthawi imeneyo ndinkangofuna nsaluyo.

Chipinda cha anamwino ndi chaching'ono, chili ndi tebulo limodzi, kabati ndi kambaula ka magetsi. Munali anayi. Soseji amene adokotala anamuonetsa khonde lonse anali m'chiwaya, atamudula zidutswa. Jumari anali atamuyala papepala pakati pa tebulo, pali anyezi ndi buledi. Nyama ya kumsana anali ataigawa kale m'majumbo anayi. Nsalu ya amayi inali pamiyendo ya Otilia, akupukutira zala. Milomo yawo yonse inkanyezimira. Kuseri kwa khoma limenelo kunali mabedi a anthu odulidwa dzulo ndi dzana, amene sanaloledwe ngakhale tiyi, ndipo fungolo linkalowa kwa iwo.

Otilia sanachite manyazi. Anati nkhumba yathu ndi yabwino, timaidyetsa chiyani? Ndinayankha kuti chimanga ndi maungu. Ndinayankha mwaulemu, chifukwa ndi mmene pakamwa panga panazolowerera. Nkhumba ndinaidyetsa ndekha miyezi khumi, ndaitsuka matumbo ndi manja anga, ndipo sinandinyansepo. Inandinyansa pamenepo, pa milomo ya anthu amenewo.

Ndinabwerera kukhonde n'kumudzutsa Ilinca. Anafunsa kuti tikupita kuti, achemwali, ndipo ndinati angobwera. Ndinamulowetsa m'chipindamo n'kumukhazika pa mpando umene unali wopanda munthu.

"Anamwino, pepani ndakusokonezani pa chakudya," ndinatero. "Adokotala akuti mng'ono wangayu amadya zimenezi. Mupatseniko chidutswa, adye inu mukuona. Akameza, tikwera basi, simutionanso."

Otilia anati ndisachite zamisala, muno si mwa odwala, tituluke. Ndinati chabwino, nyama ayi, tiyese tiyi. Ndinatenga kapu yoyera pakabati, ndinathira tiyi wa m'ketulo yawo, n'kumuuzira mpaka atazizira. Palibe amene anandiletsa. Mwina anadabwa kuona nkhalamba ya duku ikugwira ketulo yawo. Ilinca anandiyang'ana mondidandaulira. Sanasanzepo pamaso pa anthu, ngakhale pamaso pa mwamuna wake. Milungu yonseyi ankathawira kuseri kwa nkhuni. Ndinamuuza kuti amwe mmene amamwera kunyumba, pang'onopang'ono, monga anamuphunzitsira.

Anamwa kamodzi, n'kudikira. Anamwa kachiwiri. Anamwa kachitatu n'kuika kapu pansi. M'chipindamo munangotsala phokoso la chiwaya. Mmodzi wa anamwinowo anapitiriza kutafuna, maso ali pa Ilinca.

Sizinatenge nthawi. Anayesa kuimirira kuti atuluke, koma ndinali nditaima pachitseko, ndipo sindinasunthe. Mulungu andikhululukire, sindinasunthe. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, ndipo tiyi anabwerera, wina patebulo, wina papepala la jumari, wina pa nsapato yoyera ya Otilia. Anatuluka monga analowera, wofiirira, ndi thovu pang'ono, popanda china chilichonse. Thupi linapitiriza kukoka ngakhale munalibe chotuluka.

Namwino amene anali pafupi ndi mbaula anakweza chiwaya m'mwamba kuti apulumutse soseji. Wina anakokera majumbo a nyama kwa iye. Pamphumi pa Ilinca ndinagwira ndine.

Wachikulire mwa iwo, mayi wa imvi, anayang'ana patebulo paja, n'kuyang'ana milomo ya Ilinca. Anati m'mimba mwa munthuyu mulibe kanthu, ndipo si za lero. Ananena motsika, kwa Otilia, ngati akumuuza kuti mkaka ukusefukira.

Otilia ankapukuta nsapato yake ndi nsalu ya amayi. Atamaliza anakoka dirowa ya kabati. Pansi pa paketi ya shuga ndi timasupuni panali mulu wa mapepala, okwana ngati buku la nyimbo. Anasolola limodzi. Ndinaona ndi maso anga kuti linali losainidwa kale, chidindo cha a Zamfirache chili pamunsi, pongotsala dzina la wodwala. Anafunsa dzina, koyamba chiyambire kubwera kwathu. Analemba, n'kundipatsa pepalalo, chala chake chamafuta chitadinda pakona.

"Pansi, chitseko chachiwiri kumanja. Mutengeni munthu wanuyu, watiwonongera chakudya."

Ndinapinda pepalalo n'kuliika pachifuwa. Kenako ndinatambasula dzanja, ndipo anandipatsa nsalu. Dengu ndinalitola pansi pa tebulo.

M'chikepe ndinkangoganiza za dirowa ija. Milungu isanu ndi iwiri mng'ono wanga akugwada kuseri kwa nkhuni, maulendo awiri a basi, mafoni onse amene Rodica ankaimba kuchokera ku Italy n'kumauzidwa kuti amayi ake azimwa pang'onopang'ono, ndipo mapepalawo anali pamenepo, pansi pa shuga.

Wounika anali dokotala wina, wachikulire, wooneka wotopa, wa juzi yotha m'zigongono pansi pa chovala choyera. Anayang'ana dontho la mafuta papepala. Anamutenga Ilinca, ine n'kutsala panja ndi dengu langa. Atatuluka anandijambulira papepala: kachifu kaja kanafinyika pakati pamene chilonda chinapolera, kanjira katsala ngati phesi la udzu. Anati zimachitika, ngakhale kwa dokotala wa manja abwino, ndipo zili ndi mankhwala ake. Amugoneka, amuika diripi lero, mawa adzakulitsa kanjirako ndi kabaluni, mwina kawiri kapena katatu. Kenako anandifunsa chifukwa chake tinachedwa chonchi kubwera naye. Ndinayang'ana kudenga, kumene kunali nsanjika yachitatu, ndipo iwo anayang'ananso komweko, n'kubweza cholembera m'thumba.

Ilinca ndinamusiya pabedi la pafupi ndi zenera, diripi ikudontha. Anatembenukira kuzenera. Kenako anati ndinamuchititsa manyazi kuposa adokotala aja. Ndinavomera. Anatseka maso n'kundiuza kuti ndikakumbutse Gligor kuti mafuta a m'mphika waukulu asawasiye pafupi ndi mbaula, ndipo mawa ndimubweretsere masokosi aubweya. Ndikutuluka anandiitananso.

"Achemwali, amayi musakawauze za soseji uja."

Ndinapeza basi yomaliza ya masana. Dalaivala yemwe uja anayang'ana dengu lopanda kanthu n'kunena kuti zikuoneka kuti mwamuna wavomera, poti mmodzi watsala komweko. Ndinamuuza kuti wavomera.

Ndinafika dzuwa likulowa. Gligor anali m'shedi, manja ali mbuu ndi mchere, akusanja nyama m'bokosi lamatabwa. Amayi anakhala pa chitsa pambali pake atafunda bulangete, akumuuza zidutswa zimene wathira mchere wochepa. Atandiona ndili ndekha onse awiri anaima. Ndinawauza kuti amuunika, vuto alipeza, amugoneka, ndipo mawa ayamba kumukonza. Gligor anakhala pansi pa ndowa yovundikira n'kuphimba nkhope ndi mkono, mchere ukugwera pa bondo.

Amayi anadzilemba mtanda katatu. Kenako anasuzumira m'dengu, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Mwaonatu. Maulendo awiri chimanjamanja, palibe chimene anachita. Lero tsiku limodzi lokha." Anandiyang'ana. "Nsalu anaiona?"

Ndinati anaiona.

Ndinalowa m'khitchini, ndinateleka madzi, n'kuviika nsaluyo m'beseni ndi sopo wambiri. Mafuta anayandama pamwamba, atambala ofiira ali pansi. Ndinataya madziwo kuseri kwa nkhuni n'kuthira ena. Kenako ndinapinda manja a juzi n'kupita kushedi, chifukwa miyendo iwiri ya nkhumba inali isanathiridwe mchere, ndipo Gligor mchere amauumira.